Cubs yayamba bwino, koma funso langa ndi la wailesi: ndisiye sukulu miyezi itatu?

Zingwangwa_SouthBend, Lolemba, 21 Epulo 2025

Moni akuluakulu nonse. Ndikudziwa kuti pano ambiri mitima yanu ili pa Bullets, Noma ndi Arsenal, koma alipo angapo amene baseball inawalowa m'magazi ngati ine, ndipo lero ndikufuna amenewo. Ndiyamba ndi timu yanga chifukwa sindingachitire mwina. Funso lenileni lili kumunsi, mundipirire.

Chicago Cubs ya chaka chino ikumenya mpira, abale. Anthu anatiseka titagonja magemu onse awiri a ku Tokyo pa 18 ndi 19 Malichi, koma anaiwala kuti otigonjetsawo ndi Dodgers, eni chikho cha chaka chatha. Pa 12 Epulo tinakawapeza kwawo ku Los Angeles n'kuwakwapula 16-0, anthu awo akutuluka m'sitediyamu gemu isanathe. Carson Kelly, catcher (wowakha mpira kumbuyo kwa womenya) amene palibe ankamuwerengera, pa 31 Malichi ku Sacramento anamenya single, double, triple ndi home run pa gemu imodzi, kutanthauza kumenya mpira n'kufika pa base yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndi kuzungulira ma base onse. Wa Cubs womaliza kuchita zimenezi anali Mark Grace mu 1993, ine ndisanabadwe. Ndipo Kelly ndi munthu wolemera miyendo, triple yakeyo ngakhale mwini wake anadabwa nayo.

Koma gemu imene yandisowetsa tulo ndi ya Lachisanu lapitali ndi Arizona. Ku Wrigley, bwalo la Cubs, Lachisanu amasewera masana, 1:20 ya ku Chicago, imene kuno ku South Bend imakhala 2:20, nthawi imene munthu woweruka m'mawa amayenera kukhala ali m'bulangeti. Ian Happ atamenya grand slam (home run yogoletsa anthu anayi nthawi imodzi) tinali patsogolo 7-1, ine n'kumati basi ndigone. Inning ya 8 (gemu imakhala ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning) Arizona inagoletsa ma run, zigoli za baseball, 10. Khumi, pa inning imodzi! Kenako ife m'chigawo chathu cha inning yomweyo tinabweza 6: Kelly home run, Kyle Tucker home run, Seiya Suzuki home run. Inatha 13-11. Anzanga a Cubs akusangalala nayo gemu imeneyi, koma ine yandiopsa. Timu imene bullpen yake (oponya olowa m'malo gemu ili mkati) ikhoza kumwaza ma run 10 pa nthawi yophikira tiyi siyingadalire ndodo zokha mpaka Okutobala. Woponya wathu Justin Steele wapita ku opaleshoni ya chigongono, sizoni yake yatha. Shota Imanaga ndimamukonda, koma sangaponye tsiku lililonse.

Za Tucker n'zimene zimandipweteka mutu. Tinapereka anthu atatu ku Houston kuti abwere, mmodzi mwa iwo Cam Smith, mnyamata amene chaka chathachi anadutsa konkuno ku South Bend, pano ali kale mu timu yaikulu ya Astros. Kontilakiti ya Tucker ikutha chaka chomwechino. Juan Soto watenga madola 765 miliyoni ku Mets, Vladimir Guerrero Jr. wangosaina za 500 miliyoni ku Toronto. Mukuganiza Tucker apempha zingati? Ine ndikuona ngati tabwereka munthuyu chaka chimodzi, ndiye ngati pali chaka chopita patali ndi chino.

Timu yanga yachiwiri ndi ya pakhomo pano, South Bend Cubs, ya High-A, gawo lina la maligi aang'ono okuliramo osewera. Tikiti yake ndi yotsika mtengo, umakhala pafupi moti umamva catcher akulankhula ndi woponya. Mu 2022, chaka chimene anatenga chikho cha Midwest League, ndinkaonera Pete Crow-Armstrong akuthamangira mipira imene aliyense anali ataitaya kale mtima. Lero ali pakati pa bwalo ku Wrigley, ndipo ndikamuona pa TV ndimamva ngati mwana wa m'dera lathu.

Tsopano funso langa. Ine baseball sindinaidziwire pa TV, ndinaidziwira pa wailesi. Ndimagwira ntchito usiku pa nyumba yosamalira okalamba, ndipo agogo ena amene ndinkawasamalira ndili watsopano sankalola kuti wailesi izimitsidwe Pat Hughes, woulutsa wa Cubs, akuulutsa gemu. Poyamba ndinkangomva phokoso. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuona bwalolo m'mutu: mphepo ikuchokera kunyanja kapena ikupita kunja, womenya waima motani, yunifomu ya alendo ndi ya mtundu wanji mpaka masokosi. Hughes wakhala pa mpando umenewo kuyambira 1996. Ine amene ndinakula ndikumvera mpira pa MBC, khutu lili pa wailesi ya bambo, ndinazindikira msanga kuti ntchito imene ndimaifuna pa moyo wanga ndi imeneyi. Ndikapita ku Four Winds Field, bwalo la South Bend Cubs, ndimakhala pakona kopanda anthu, buku lolembamo gemu lili pamwendo, n'kumadzijambula mawu pa foni kuyambira mpira woyamba mpaka womaliza.

Timu ina ya ligi ya ana a koleji ku Michigan, imene imasewera kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti, yamvera zimene ndinatumiza ndipo akuti ndikhoza kukakhala wothandizira woulutsa wawo pa intaneti. Malipiro ake ndi oti sungawatchule pagulu. Amasewera pafupifupi tsiku lililonse, ndiye kuti makalasi awiri a unamwino amene ndimati ndichite miyezi imeneyi agwa, mashifiti anga achepa, ndipo ndalama imene ndimatumiza kwa mayi ku Blantyre idzacheperanso. Ndili ndi zaka 24, mapepala anga ali bwino. Chingerezi changa chikumveka, koma aliyense amadziwa kuti sindinabadwire ku Indiana. Ndipite kapena ndikhale? Amene mukundiposa zaka, ndiuzeni mosandinyengerera.

NesiWaKuMilwaukee

Mphwanga, ndiyambe ndi kukukumbutsa kuti muli mu Epulo. Inu a Cubs chaka chilichonse masamba a pakhoma la Wrigley asanaphuke n'komwe mumakhala mutayamba kale kufunsa mtengo wa tikiti ya World Series. NL Central, gulu la ligi limene tili limodzi ndi inu, tinaitenga ife a Brewers mu 2023, munatilanda kochi wathu Craig Counsell ndi madola 40 miliyoni, ife n'kuitenganso mu 2024 iye akuonerera. Inde tayamba moipa, a Yankees anatimenya ma home run 9 pa gemu imodzi ndi ndodo zawo zachilendo zija, Willy Adames wapita ku San Francisco, Devin Williams tinamugulitsa. Koma magemu ndi 162. Kumayambiriro kwa Meyi mukubwera kwathu, tidzaonerana pomwepo. Ndipo Pat Hughes wakoyo usaiwale kuti asanapite ku Chicago anakhala zaka 12 kuno pambali pa Bob Uecker, woulutsa wa Brewers. Chaka chino ndi choyamba kuyambira 1971 kuti sizoni iyambe popanda mawu a Uecker, anatisiya mu Januwale ali ndi zaka 90. Ndinayatsa wailesi m'galimoto tsiku lotsegulira, ndinaizimitsanso. Ndiye usaganize kuti sindikumvetsa zimene ukunena za wailesi.

Koma pa funso lako ndikhala mlongo wako wamkulu, osati mnzako wa masewera. Usasiye makalasi. Ndaona ana ambiri a kwathu amene anati ndipumako temu imodzi yokha, pano papita zaka, akadali kutembenuza odwala usiku pa malipiro omwe aja. Sukulu ya unamwino ikakuthawa kuigwiranso n'kovuta, chifukwa makalasi amatsatana, ukaphonya imodzi umadikira chaka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Werengera wekha mipando. Matimu aakulu ndi 30. Aliyense ali ndi oulutsa awiri kapena atatu pa wailesi, ndipo anthu amenewa sachoka, amakalambira pompo. Iwe wemwe wanena kuti Hughes wakhala kuyambira 1996. Kumbuyo kwa mpando umodzi kuli anyamata mazana amene anaphunzira zoulutsa mawu ku yunivesite, makolo awo akuwalipirira lendi. Iwe lendi umalipira wekha ndi ya mayi omwe. Ukamaliza unamwino uzigwira masiku atatu pa sabata, maola 12 pa tsiku, masiku anayi ndi ako. Pamenepo ulutsa gemu iliyonse imene ukufuna, mimba ili yokhuta. Mayi wawauza kale za nkhaniyi, kapena wayambira kwa ife?

MalumeWaElkhart

Mwana wanga, ine ndakhala kuno nthawi yaitali, ntchito yanga ndi ya ku fakitale yopanga magalimoto okhala ndi nyumba aja, koma madzulo ndi Loweruka ndimavala chigoba kumaso n'kukaima kumbuyo kwa catcher. Ndinayambira magemu a ana aang'ono chifukwa mwana wanga ankasewera ndipo tsiku lina woyimbira sanabwere. Pano ndili ndi laisensi ya IHSAA, bungwe la masewera a sekondale ku Indiana, ndimayimbira magemu a sekondale. Za Cubs sindilowererapo, ine ndi wa White Sox, ndipo munthu amene timu yake inagonja magemu 121 chaka chatha alibe pakamwa poseka mnzake.

Asisi a ku Milwaukee anena zoona pa nkhani ya mipando, koma pali chimene sanachione. Iwe ukuganiza ngati njira ndi ziwiri zokha, Michigan kapena sukulu. Kuno kwathu konkuno masukulu a sekondale ambiri tsopano amaonetsa magemu awo pa intaneti, ndipo kangapo ndaima pabwalo kamera ikujambula popanda munthu wolankhula, kapena akulankhula ndi mwana wa sukulu amene sadziwa kusiyanitsa balk (woponya kusuntha mosaloledwa) ndi wild pitch (mpira woponyedwa mosokera). Sizoni ya sekondale ili mkati pano mpaka Juni. Pita kwa mkulu wa zamasewera pa sukulu ina iliyonse yapafupi, umuuze kuti uli ndi maikolofoni yako ndipo sukufuna ndalama. Sindikukhulupirira kuti akakubweza. Gemu imayamba cha m'ma 5 madzulo, pofika nthawi ya shifiti yako yatha kale. Kalasi sunaphonye, ndalama ya mayi sinachepe, ndipo mawu ako ali pa gemu yeniyeni yokhala ndi makolo amene adzakudzudzula ukalakwitsa dzina la mwana wawo. Kudzudzulidwa kumeneko n'kumene sungakupeze ukamadzijambula wekha pakona.

Za kalankhulidwe kako usade nazo nkhawa kwambiri, koma usazipeputsenso. Jaime Jarrín anachoka ku Ecuador mu 1955 asanaonepo gemu ya baseball, ndipo anadzaulutsa magemu a Dodgers kuyambira 1959 mpaka 2022. Kungoti iye ankaulutsa m'Chisipanishi, ndipo ku Los Angeles olankhula Chisipanishi ndi ochuluka zedi. Iwe ulibe khamu lotero kumbuyo kwako. Uyenera kupambana m'Chingerezi, pakati pa eni ake. Chimene chingakuthandize si kusintha lilime kuti uzimveka ngati wa ku Mishawaka, ayi. Ndi kudziwa malamulo kuposa iwo. Womvera amakhululuka kalankhulidwe, koma sakhululuka woulutsa amene infield fly (lamulo lotulutsa womenya mpira wokwera m'mwamba chapafupi, ngakhale usanawakhidwe) yachitika iye n'kumadabwa kuti womenya watulukiranji.

N'chifukwa chake ndikuti bwera udzayimbireko magemu angapo. Oyimbira akusowa kwambiri, achikulire akupuma, achinyamata akuthawa kutukwanidwa ndi makolo, ndipo ntchitoyi imalipira gemu iliyonse. Ukaima kumbuyo kwa catcher udzaona zimene wa m'chipinda choulutsira saziona: mmene slider, mpira woponyedwa mokhota, imathyokera mochedwa, mmene catcher amakokera golovesi kuti akunamize, mmene woponya amasinthira kapumidwe akatopa. Osati kuti ukhale woyimbira wa MLB, ligi yaikulu ija, imeneyo ndi njira ina yopapatiza, alipo 76 okha ndipo ambiri amakhala zaka pafupifupi khumi m'maligi aang'ono akugona m'mahotela otchipa. Komanso makina oweruza strike, kuona ngati mpira wadutsa malo oyenera, anawayesa kale pa magemu okonzekera a chaka chino, tsogolo la ntchito yathuyi likusintha. Ine ndikungofuna uone masewerawa uli mkati mwake.

Za ku Michigan, afunse funso limodzi: kodi uzikhala ndi ma inning ako oulutsa wekha, angati pa gemu? Akayamba kuzungulira, dziwa kuti akufuna wonyamula zingwe ndi wokoka lona mvula ikagwa. Akakuuza kuti atatu pa gemu iliyonse, n'kulemba papepala, pamenepo nkhani yasintha ndipo ngakhale ine ndingaganize kawiri.

Chiradzulu_Joni

Achimwene, ine ndili ku Randburg, ndipo ndikuti pitani. Ndikudziwa kuti akuluakulu awiriwa andiona ngati wosokoneza, koma ndimvereni.

Kuno kuli kalabu ya baseball ya Randburg Mets. Gift Ngoepe anakulira m'kachipinda ka pa kalabu imeneyi, mayi ake ankagwira ntchito pomwepo. Pittsburgh inamusaina mu 2008, ndipo anakhala m'maligi aang'ono zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, akukwera mabasi usiku, anzake amene anayamba nawo akusiya mmodzimmodzi. Pa 26 Epulo 2017 analowa gemu yake yoyamba ya MLB, munthu woyamba wobadwira mu Africa muno kufika pamenepo, ndipo ulendo woyamba kugwira ndodo anamenya single. Woponya anali Jon Lester, timu inali Cubs yanu yomweyo, itangotenga chikho miyezi ingapo m'mbuyomo. Sanakhalitse pamwambapo, anthu a manambala adzakuuzani kuti sanali womenya wamphamvu. Koma akanawerengera mipando monga akunenera asisi, sakanakwera ndege n'komwe. Tayler Scott, wa konkuno ku Johannesburg, anasankhidwa ndi Cubs mu 2011, anafika MLB mu 2019 ndi Seattle. Zaka 8. Ku Uganda a Dodgers anakatsegula sukulu ya baseball ndipo anasainako anyamata. Masewerawa akubwera kuno pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina padzafunika munthu wa kuno wodziwa kuwafotokoza.

Miyezi itatu si moyo wonse. Muli ndi zaka 24, mulibe mkazi, mulibe mwana. Mukadikira mpaka mutamaliza unamwino mudzakhala ndi ngongole ya galimoto ndi ya nyumba, ndipo palibe timu imene idzakudikireni. Kusiyana kwa magemu a sekondale ndi ligi ya ku Michigan n'koti uko muziulutsa tsiku ndi tsiku, mutatopa, timu ikugonja 11-2, mulibe chonena koma muyenera kunenabe. Luso limakulira pamenepo.

Ine timu yanga ndi Dodgers chifukwa cha Ohtani, ma home run 54 ndi kuba ma base 59 chaka chimodzi, musandiweruze. Koma magemu awo kuno amayamba 4 koloko m'bandakucha. A Cubs a masana aja amandipeza 8:20 usiku ndili pa mpando, ndiye ndimawaonera kuposa timu yanga. Ya Lachisanu ija ndinaiona yonse. Bullpen yanu ndi yoopsa zedi.

Area25Boy

Pepani ndalowerera nkhani ya eni ake. Ine baseball ndimangoiona m'mafilimu. Magemu 162 sizoni imodzi, anthuwo amapuma liti? Ndipo gemu imodzi imatha maola angati? Koma m'bale, ngati udzayese kuulutsa gemu imodzi m'Chichewa n'kuiika pa YouTube, ine ndidzamvera ngakhale sindidzatolapo kanthu.

Zingwangwa_SouthBend

Zikomo nonse, ndawerenga ndili pa buleki ya 3 koloko usiku.

Area25Boy, amasewera pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala, kupuma kumakhala kamodzi pa sabata kapena kuchepera apo. Amene amapuma kwenikweni ndi woponya woyamba, amaponya kamodzi pa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Kale gemu inkapitirira maola atatu, koma kuyambira 2023 anaika wotchi yokakamiza woponya kuti asachedwe, ndiye pano imatha pa maola awiri ndi mphindi 40 kapena kucheperapo. Kwa oulutsa zimenezi zasintha zambiri, nthawi yofotokoza nkhani pakati pa mipira yachepa, uyenera kudziwa chiganizo chimene chingakwane pa masekondi 15. Za Chichewa zija ndaseka, koma mwandipatsa maganizo.

Asisi, mayi sindinawauze. Mwandigwira pamenepo. Ndiwaimbira Lamlungu akaweruka ku tchalitchi. Ndafunsanso kusukulu, akuti kalasi imodzi mwa awiriwo ilipo ya pa intaneti, koma inayo ili ndi labu ndipo siyibweranso mpaka Januwale. Ndiye kuchedwa kwake ndi kwenikweni, sindingakutsutseni. Za Counsell zokha ndiye pepani, munthu anasankha yekha.

Achimwene a ku Joni, mawu anu ndi amene mtima wanga umafuna kumva, n'chifukwa chake ndikuwaopa pang'ono. Ngoepe ankalipidwa, ngakhale zochepa, ndipo timu inali itamusaina. Ine palibe wandisaina.

Amalume, funso lanu ndalitumiza kale kwa a ku Michigan momwe munalinenera, ma inning angati ndipo alembe. Akayankha ndibwera nalo pano. Pakali pano ndikufuna ndiyese za sekondalezo sabata yomweino. Loweruka mukuyimbira kuti, ndipo gemu ikuyamba nthawi yanji? Ndikhoza kufika ku Elkhart ndikangoweruka. Mundilembere kumbali. Chigoba ndi zotchinga pachifuwa ndilibe, ngati muli ndi zakale mundisungire, ndimavala saizi yapakati. Ndipo mawa ndi mkuja Dodgers ili ku Wrigley, achimwene a ku Randburg mutchere alamu, magemu ake ndi a usiku.